Nkhuku Ziwiri za a Zakeyo Njobvu

Sabata yatha tinapita kukalambula manda a Zakeyo Njobvu, popeza chatha chaka chiwaikireni. Tinali anthu ochepa. Pobwerera, akazi awo, a Naphiri, anandifunsa ngati pali wina amene analemba za amuna awo. Ndinati palibe. Anayenda pang'ono, kenaka anati, "Lembani ndinu, a Daka. Koma musawakometse. Iwo anatha moyo wawo wonse akukometsa mawu a anthu. Awo muwasiye momwe analili."

Ndiyesa kutero.

A Njobvu anachokera kum'mawa, ku Petauke, monga ambiri a ife. Anayamba agwira ntchito pa famu ya mzungu cha kunjanji, kenaka anabwera kuno ku Bundabunda kudzapempha malo kwa eni nthaka, Asoli, ndipo anapatsidwa munda m'mbali mwa dambo. Anali munthu wamfupi, wa mapazi aakulu, ndipo khutu lawo lakumanzere silinkamva. Khutu limeneli ankaligwiritsa ntchito. Munthu akayamba kutukwana, ankatembenuka pang'onopang'ono mpaka khutu logonthalo litaloza kwa wotukwanayo, n'kumangogwedeza mutu ngati akumva ulaliki.

Ntchito imene ankadziwika nayo inali ya unkhoswe. Maukwati ambiri a kuno, kuphatikizapo wanga ndi malemu Esinala, anadzera m'manja mwawo, ndipo mabanja akagwedezeka anthu ankathamangira kwa iwo. Anali ndi njira yawo. Mawu amene atumidwa lero sankawafikitsa lero. Ankanena kuti mawu a munthu wokwiya ali ngati chinangwa chowawa, amafunika kuviikidwa m'madzi asanaperekedwe kwa wina. Njinga anali nayo, koma akakhala pa ulendo wonyamula mawu ankaiguza osakwera, kuti afike mochedwa. Anthu akawaona akuguza njinga yabwinobwino pamsewu ankadziwa kuti kwinakwake kuli banja limene silikudyera pamodzi.

Sanali munthu wofewa pa zonse. Ng'ombe ankabwereketsa, pulawo ankabwereketsa, koma tcheni chokokera pulawo sankabwereketsa kwa munthu aliyense, ngakhale mlamu wawo, ndipo chifukwa chake sanachinenepo. Ndi mlaliki wathu ankakangana chaka ndi chaka za kutalika kwa mapemphero nthawi yobzala. Pemphero likapitirira, ankayamba kutsokomola, ndipo mlaliki ankawonjezera dala ndime ina. Ndi a Naphiri mkangano wawo unali wa nkhuku. A Njobvu ankaweta nkhuku za kameta, zija za khosi lopanda nthenga, zimene mbewu yake anabwera nayo kuchokera kwawo. A Naphiri ankati nkhuku zimenezo zimaoneka ngati zathawa m'madzi otentha, ndipo amachita nazo manyazi alendo akabwera. Kuno konse kunalibe wina woziweta.

Tsopano ndinene za sosaite ya alimi, chifukwa dzina la a Njobvu likatchulidwa anthu amakumbuka zimenezo.

Sosaite tinaiyambitsa chitaganya cha maiko atatu, chija cha azungu, chisanabwere. Tinamanga shedi yosungiramo chimanga, ndipo kusitolo ina yaikulu ya ku Lusaka tinatenga mapulawo, ngolo ziwiri ndi feteleza pa ngongole. Chikole chake chinali ng'ombe zathu zolimira. Aliyense anadinda chala, ndipo panthawiyo palibe anaganiza kuti chalacho chingadzamutengere ng'ombe m'khola. Zaka ziwiri zinayenda bwino. Chaka chachitatu mvula inadula pakati, ndipo chimanga chochepa chimene tinasonkhanitsa chinalowa anankafumbwe, china chinaola chifukwa denga la shedi linkadontha. Eni sitolo anatumiza kalata kuti ngati ngongole siibwezedwa mwezi wa Okutobala usanathe, adzatumiza malole kudzatenga ng'ombe. Mlimi wopanda ng'ombe mvula ili pafupi amabwerera ku khasu, kapena amapita kukalembetsa ntchito pa famu ya mzungu. Mabanja oposa makumi atatu tinali pamenepo.

Boma linati litithandiza. Bwana wa zaulimi anabwera ndi womasulira wake, nati boma lilipira ngongole yonse kusitolo, ife tizidzabweza pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Koma panali zofuna zake. Kalaliki wa boma ndiye azisunga mabuku ndi kiyi wa shedi. Aliyense apange migula yotchinga madzi m'munda mwake, wokana alipitsidwe. Wapampando atule pansi udindo. Ndipo pepalalo lidindidwe ndi mbali zonse ziwiri za sosaite, chifukwa bwanayo sankafuna kuthira ndalama m'chinthu chimene theka la eni ake lachinyanyala.

Mbali ziwirizo zinali motere. Wapampando anali Labani Sakala, wokonza njinga, amene anagwirako ntchito ku migodi n'kubwerako ndi khadi la chipani. Iye ndi anzake ankadana ndi chitaganya, ndipo chilichonse chochokera ku boma ankachiona ngati msampha. Mbali inayo inkatsogoleredwa ndi a Mwachande, mbadwa ya kuno, mlimi wa ng'ombe zambiri amene migula anali atapanga kale, ndipo ankati munthu amene nyumba yake ikupsa safunsa mwini ndowa kuti ndi wa chipani chiti. Onse awiri anali a mpingo wathu. Pa msonkhano woyamba a Mwachande ananena kuti ndalama za sosaite zinathera m'mimba mwa wapampando. Zimenezo sizinali zoona. Sakala mabuku sankawadziwa, koma sanabe. Sakala anayankha kuti a Mwachande ndi galu wa mzungu, ndipo ananena zimenezi apongozi a a Mwachande ali pomwepo. Msonkhano unathera pamenepo. Kunali kutatsala masabata atatu.

A Njobvu sanali mu komiti. Chipani analibe, migula sankaikonda, ndipo ng'ombe zawo zinayi zinali pa chikole monga zathu. Palibe anawatuma. Tinangoona m'mawa wina akuguza njinga kulowera kwa Sakala. Tsiku limenelo ndinali komweko ndi gudumu lopindika, choncho ndinamva ndekha.

"Shani, ba Njobvu," Sakala anawalonjera monga amachitira ku migodi, osasiya kupopa tayala. "Akutumani kuti mudzanigule?"

"Nikugule na chani, Labani? Mtengo wako sungapose thumba la mchere."

"Ndalama za boma ni nyambo. Lero atipatsa, mawa azati mwavomera chitaganya, si apa munadinda."

A Njobvu anakhala pa chitsa, navula chipewa. "Nifunseko. Ndalama zija amadula pa thumba lililonse la chimanga tikagulitsa, zimapita kuti?"

"Amaba."

"Ndiye wakuba akabweza mbuzi yako, uikana chifukwa yabwera na chingwe chake?"

Sakala anasiya kupopa. Anati chingwecho ndiye vuto, ndipo anayamba kuwerenga zofuna za boma chimodzichimodzi, akutukwana pa chilichonse. A Njobvu anatembenuza khutu lija mpaka iye atatopa. Kenaka anafunsa kuti pa zinayizo ndi chiti chimene angafe nacho, ndi chiti chimene angangodwala nacho. Sakala anati kiyi. Shedi tinamanga ndi manja athu, kiyi wake sangapite m'thumba la kalaliki wa boma.

Kwa a Mwachande a Njobvu anapita patapita masiku awiri, ngakhale ndi ulendo wa ola limodzi. Anayenda chotero masabata awiri, uku ndi uku, ndipo kawiri anakwera lole kupita kukaonana ndi bwana wa zaulimi. Zimene anapangana zinatuluka pang'onopang'ono. Sakala atula pansi udindo, koma a Mwachande sakhala pampandopo, pakhala munthu wosalowa mbali. Kalaliki wa boma asunga mabuku, koma aziwawerenga mokweza m'Chinyanja pamaso pa onse mwezi uliwonse. Migula ipangidwa m'minda yotsetsereka yokha, ndipo chaka choyamba palibe wolipitsidwa. Pa shedi pakhala maloko awiri, kiyi mmodzi kwa Sakala, wina kwa a Mwachande, kuti chitseko chisatseguke popanda onse awiri. Ndipo pa msonkhano padzanenedwa poyera kuti ndalamazo zikuchokera ku zimene zimadulidwa pa chimanga cha alimi, si mphatso. Womasulira anatiuza kuti bwanayo anaseka pa mfundo imeneyi, nati tizitchule dzina lililonse limene tikufuna, bola tidzabweze.

Palibe anakondwa nazo. Anyamata a chipani ankati Sakala wagulitsa mpando. Anthu a Mwachande ankati wakuba wapatsidwa kiyi. A Njobvu ankanena kuti pangano limene mbali imodzi ikuvina nalo silifika chaka, labwino ndi limene onse akubwerera kwawo akung'ung'udza.

Mfundo zonse zinatha, koma zala sizinadindidwe. Panatsala chinthu chimene sichinali pa pepala. A Mwachande anati sangalowe m'shedi imodzi ndi munthu amene anawatcha galu pamaso pa apongozi, pokhapokha atapepesa. Sakala anati sangadinde pepala limodzi ndi munthu amene anamutcha wakuba, pokhapokha atapepesa. Aliyense ankati mnzake ndiye ayambe. Kunatsala masiku anayi, ndipo dalaivala wina anatiuza kuti malole a sitolo apanganidwa kale.

Lachinayi a Njobvu anafika kwa a Mwachande ndi thadzi m'manja. Anagwada monga amagwadira nkhoswe, nati Labani watumiza nkhuku iyi, akuti pakamwa panathamanga, ndipo iye ndi mwana. A Mwachande analandira thadzilo, nati ngati mwana wazindikira, mkulu sasunga. Tsiku lomwelo masana, mosiyana ndi chizolowezi chawo, a Njobvu anakwera njinga. Anafika kwa Sakala ndi tambala, nati a Mwachande atumiza, akuti mawu a kuba aja anawalankhula ndi mtima wopsa ndipo akuwabweza. Sakala akuti anaseka, nati, "Mdala uja wagwada? Nipaseni pepala."

Loweruka tinasonkhana m'shedi. Awiriwo anagwirana chanza, aliyense ndi nkhope ya munthu amene wakhululukira mnzake. Tinadinda. Bwana ananyamula pepala, ndipo malole sanabwere. Mvula yoyamba itagwa, ng'ombe zonse zinali m'magoli.

Chimene a Njobvu analakwitsa ndi ichi. Kwathu kum'mawa nkhuku yopepesera siigona. Imaphedwa tsiku lomwelo, imadyedwa, nkhani n'kutha. Iwo ankayembekeza kuti pofika madzulo umboni udzakhala uli m'mimba. Koma anthu awiriwa sanafune kudya kupambana kwawo. A Mwachande analamula kuti thadzi lisaphedwe, liziyenda pabwalo kuti alendo azifunsa. Sakala anamangirira tambala pafupi ndi pamene amakonzera njinga, ndipo aliyense wobwera ndi tayala lobooka ankamva mbiri yake.

Amuna sitiyang'ana khosi la nkhuku. Akazi anaona tsiku loyamba lomwe kuti ndi za kameta, koma aliyense anaganiza kuti wopepesayo anagula kwa nkhoswe. Zinaululika patatha masabata awiri, pamene akazi a Mwachande ankapita kuchigayo ndi Esinala, n'kudutsa pa Sakala. Esinala anandifotokozera madzulo ake.

"Tambala wokongola, amake Joni," anatero akazi a Mwachande. "Mwamugula kuti?"

"Simumudziwa? Ni uja amuna anu anatumiza popepesa," anayankha mkazi wa Sakala.

"Amuna anga? Amuna anga sanapepesepo munthu chibadwire. Ngakhale ine sananipepesepo. Ndinu munatumiza thadzi."

"Thadzi liti? Ife nkhuku zathu zinatha na chitopa."

Esinala anati onse atatu anaima n'kumayang'ana khosi la tambala uja, ndipo woyamba kuseka anali mkazi wa Sakala.

Amuna awo sanaseke. Kwa nthawi yoyamba Sakala ndi a Mwachande anagwirizana pa chinthu chimodzi popanda wowayenderera: onse awiri anakasuma kwa akulu a mpingo. Pangano silikanathekanso kubwezedwa, popeza boma linali litalipira kale kusitolo. Chimene chinatsala chinali munthu amene anawapusitsa.

A Njobvu anali mkulu wa mpingo, inenso ndinali mkulu wa mpingo. Tinakhala pa nkhaniyo Lachitatu masana. Mlaliki anawafunsa ngati a Mwachande anatumizadi tambala.

"Sanatumize."

"Nanga a Sakala, thadzi?"

"Nkhuku zonse ziwiri n'zanga. A Naphiri akondwa kuti zachepako."

"A Njobvu, musaseke. Munanyamula mawu amene eni ake sananene. Limenelo ndi bodza."

"Ni bodza, aphunzitsi."

"Mukulapa?"

Anaganiza kaye, monga ankachitira ndi mawu onse. "Bodza nilapa. Ng'ombe sinilapa."

Mlaliki anati kulapa kwa theka si kulapa. Anapempha kuti a Njobvu achotsedwe pa ukulu, asadye Mgonero miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akhale pa benchi la kumbuyo, la anthu a chilango. Tinakweza manja. Langa linali limodzi mwa manjawo. Ng'ombe zanga ziwiri zinali m'khola chifukwa cha munthu ameneyu, ndipo ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkakweza dzanja. Ndinaganiza kuti lamulo silinena kuti usachite umboni wonama pokhapokha mvula ikakhala pafupi. Ndinaganizanso kuti nkhoswe ili ndi chuma chimodzi chokha, ndicho kukhulupiridwa, ndipo ngati mawu ake sangadaliridwe, mabanja athu aima pa chiyani. A Njobvu anandiyang'ana, nagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu ndipo sakutsutsa.

Chimene chinawapweteka si ukulu. Anthu anasiya kuwatuma. Pafupifupi chaka chonse palibe anabwera kudzawapempha unkhoswe, ndipo amene anali nawo kale ankati akamva mawu kuchokera kwa iwo, ankatuma munthu wina kukafunsa ngati ananenedwadi. Njinga anayamba kuikwera masiku onse. Pambuyo pake ena anabwerera, makamaka amene milandu yawo inakanika kwina konse, koma sizinafikenso pakale.

Sosaite ilipo mpaka lero, ndipo ikubweza ngongole yake movutikira. Sakala ndi a Mwachande sanayanjane. Tsiku lotsegula shedi aliyense amabwera ndi kiyi wake, amatsegula loko wake, osapatsana moni. Chimanga chimalowa.

Chaka chotsatira Esinala anadwala matenda amene anamutenga. Tsiku lina masana ndikumupatsa phala, anayamba kuseka yekha. Anandikumbutsa za chaka chachiwiri cha ukwati wathu, pamene tinakangana za mbuzi zimene ndinagulitsa osamuuza, iye n'kubwerera kwa amayi ake. A Njobvu ndiwo anayenda pakati pathu, ndipo anadzandiuza kuti Esinala akuti walakwa kuchoka, akufuna kubwerera koma akuchita manyazi.

"Sindinanene zimenezo," anatero Esinala. "Ndinati mukawauze a Daka akwatire mbuzi zawozo."

Ndinamufunsa kuti nanga za ine anamuuza chiyani.

"Anati simukudya, mukungokhala pakhomo kuyang'ana njira."

"Ndinkadya," ndinatero. "Ndinkadya kwa alongo anga."

Tinaseka mpaka iye anayamba kutsokomola. Tinali titakhala m'banja zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndi ana asanu.

Maliro atatha ndinapita kwa a Njobvu. Ndinawapeza akukonza goli. Ndinawauza zimene Esinala ananena, ndipo ndinati dzanja lija ndinakweza likundilemera. Sanasiye ntchito yawo. Anati ndisadzivute, dzanja ndinakweza bwino, chifukwa mpingo ukasiya kutcha bodza kuti bodza ndiye kuti watha. Anati iwo ankadziwa kuyambira kale kuti tsiku lina adzalipira, ndipo anadabwa kuti linachedwa chotero. Kenaka anandifunsa ngati ndili ndi chikopa chotsala choti amangire golilo. Sitinakambenso za nkhaniyi. Mpaka lero sindidziwa ngati ndikanakwezanso dzanja atandifunsa kachiwiri, ndipo ndasiya kuyembekeza kuti ndidzadziwa ndisanafike kumene zinthu zimenezi zimaweruzidwa.

A Njobvu anamwalira ndi chibayo, atadwala masiku asanu ndi limodzi. Sanasiye mawu.

Miyezi ya chilango itatha, mlaliki analengeza kuti a Njobvu abwezeredwa ndipo angathe kukhalanso kutsogolo. Iwo anathokoza, nadya Mgonero, koma Sabata lotsatira tinawapeza pa benchi lomwe lija. Anati kumbuyo kumapita mphepo, ndipo munthu wa khutu limodzi amamva theka la ulaliki kulikonse kumene angakhale. Anakhala pamenepo mpaka imfa. Amene ankaikidwa pa chilango, mtsikana wotenga mimba, bambo wogwidwa ndi kachasu, ankapeza pa benchipo pali kale munthu wa imvi amene ankawasunthira malo ndi kuwagwirira buku la nyimbo kuti aonere limodzi. Sankawalangiza chilichonse.

Benchilo ndi la thabwa limodzi, lili pafupi ndi chitseko, kumanzere polowa. Pakhoma, pamene ankatsamiritsa mutu, pali banga lakuda la mafuta limene laimu sanalikwirire. Sabata lapitali panakhala mtsikana wina wa kutsidya kwa dambo, amene anaikidwa pa chilango mwezi uno. Anakhala kumapeto kwenikweni, m'mphepete mwa thabwa, manja ali pamiyendo, wopanda buku. Pakati pa iye ndi bangalo panali malo okwana anthu atatu. Ndinatembenuka kawiri kumuyang'ana nthawi ya nyimbo. Ine ndinali pamalo panga, kutsogolo, pa benchi la akulu.